Woimba Wokana Kuima Pakati

Pabalaza pa nyumba ya a Makutu panali ngati chigongono. Ukalowa pakhomo umayenda molunjika pang'ono, kenaka chipinda chimakhota mwadzidzidzi ngati munthu amene wakumbukira kuti waiwala kanthu kumbuyo. Pokhoterapo panaima chipilala chonenepa, chosakhala pakati, chosakhalanso pambali. Kumanzere kunali chitseko cha kukhitchini, kumanja zenera lalikulu, ndipo pansi pa zeneralo panali makina osokera a mayi a m'nyumbamo, amene msewu wonse unkangowatchula kuti a Telala. Amene anamanga nyumbayo anali achimwene awo a mayiwo, mmisiri womanga nyumba. Munthu akawafunsa za chipilalacho ankayankha kuti denga silinagwepo, ndiye anthu atseke pakamwa.

Dzina loti Makutu analitenga ku galaja. Galimoto ikamalowa pageti, iwo asanadzuke n'komwe pa tayala lomwe ankakhalira, ankatchula kale matenda ake. Ikawazunguza mutu ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kugunditsa pa injini, chogwirira n'kutsamiritsa pa khutu lakumanja, maso n'kutsinzina. Anachita zimenezo kuyambira unyamata mpaka imvi.

Koma atapuma pa ntchito anayamba kufota ngati duwa la m'chitini loiwalika. Ankakhala pakhonde tsiku lonse n'kumauza magalimoto odutsa matenda awo.

"Iyo yatha mabuleki. Iyo mafuta akulowa mopitirira."

Magalimotowo ankangodutsa, osathokoza. A Telala ankawaonera pazenera, phazi lili pa makina, mtima ukuwawa.

Ndiye tsiku lomwe amuna awo analowa n'kunena kuti, "Mayi, ndikufuna masipika. Osati tija tolira ngati udzudzu wa m'botolo ayi, enieni," a Telala anasiya diresi la mwini wake singano ili momwemo, n'kuvala nsapato.

M'sitolo a Makutu anathamangira pa masipika awiri ataliatali ngati mafiriji. Anawasisita m'mbali, anawagogoda ndi chala.

"Awa ndiye amuna," anatero.

"Awa akalowa m'nyumba muja, ife tituluka," anayankha a Telala. Anachotsa tepi m'khosi, poti tepi yawo sinkachoka m'khosi ngakhale popita ku msika, n'kuyeza sipika imodzi ngati akuisokera thalauza. "Pakati pa kabati ndi zenera sikwana. Kapena mukufuna tizidyera panja?"

Mwini sitolo, bambo wadazi wolankhula mofatsa, anaseka.

"Mayi akunena zoona, bambo. Masipika sasankhidwa ndi maso, amasankhidwa ndi chipinda. Akuluwa m'chipinda chokhota angokugundani pachifuwa, mawu osamveka. Tamvani awa."

Analoza ena apakatikati, okhala pa timiyendo tachitsulo. Panali mpando woyeserapo, koma makatoni a katundu watsopano anali ataukankhira chakumanja. A Makutu anakhala pomwepo, a Telala anaima pambali. Nyimbo inayamba, gitala pang'onopang'ono, kenaka mawu a mayi wina woimba.

A Makutu anatsinzina monga ankachitira pa injini. Posakhalitsa anakweza chala n'kuloza pakati penipeni pa masipika awiriwo, pamene panalibe kanthu.

"Ndi uyo! Waima apo! Ndikumumva ngakhale akamapuma!"

Nkhope yawo inawala mwa mtundu umene a Telala anali atauiwala.

"Chinsinsi chake n'chimenecho," anatero mwini sitolo uku akumanga makatoni. "Mukawaike ngati mafuwa. Sipika uku, sipika uko, inu fuwa lachitatu, mtunda wofanana. Asagunde khoma, apatseni mpata apume, ndipo muwapendeketse pang'ono ayang'ane kwa inu. Mukachita bwino masipika amasowa, woimba amaima pakati. Chipinda chikawakana, mudzabweze pofika Loweruka. Makatoni okha musang'ambe."

Kunyumba ntchito inayamba tiyi asanamwedwe. A Telala anagwada ndi tepi ndi choko chosokera, kulemba timizere pansi. A Makutu analumikiza mawaya ku ampulifaya, kabokosi kopatsa masipika mphamvu, lilime lili kunja. Sofa inakana kukhala pamalo pa fuwa lachitatu chifukwa cha chipilala, ndiye anatenga mpando wa patebulo lodyera n'kuuika pa kamtanda ka choko, chipilala chili chakumanja kwake.

"Tayambani ndinu, mayi."

A Telala anakhala. Nyimbo itayamba, tsitsi linawanyerenyetsa. Mayi woimba uja anaima patsogolo pawo, pakati, pamene panali khoma lokha ndi msomali wakale wa kalendala. Anatsala pang'ono kumupatsa moni.

"Eee, bambo! Zoona ndithu."

Anadzuka, amuna awo n'kukhala. A Makutu anatsinzina. Anadikira. Anakwinya nkhope.

"Mayiyu akutani kukhitchini?"

"Kukhitchini?"

"Waima pachitseko cha kukhitchini apo. Kodi akufuna atitsukire mbale?"

A Telala anadziwa nthawi yomweyo chimene chakokera woimbayo kumanzere, ndipo sichinali chipinda.

Khutu lakumanja la amuna awo linali litatopa kalekale. Ma injini, nyundo ndi sikuludiraiva ija zinalidya pang'onopang'ono monga njenjete imadyera jekete. A Telala anazindikira zaka zapitazo, tsiku lina atawauza kawiri kuti mchere watha, iwo n'kumangomwetulira. Kuyambira pamenepo ankayenda kumanzere kwawo, patebulo ankakhala kumanzere, nkhani zonse zofunika ankazinenera kumanzere. Sanauze munthu. Ungamuuze bwanji mwamuna amene dzina lake lonse ndi makutu kuti latsala limodzi?

"Mwina ndi zeneralo," anatero mwachangu. "Galasi limabweza mawu."

"Eyaa! Ndi zenera!"

Anapachika bulangete pazenera, m'nyumba munada ngati m'thumba. Woimba anakhalabe kukhitchini. Anasuntha kabati, poti besi ikagunda matambula onse ankaimba nawo, ngwe ngwe ngwe, ngati ali ndi kwaya yawo. Woimba sanasunthe. Mawa lake makina osokera anapita m'kanjira ka kuchipinda, moti mayi wina wobwera kudzayesa siketi anayesera pafupi ndi bafa, akudandaula. Kapeti inabwera, kapeti inachoka. Sipika yakumanzere inaikidwa pa mabuku, yakumanja inayang'anitsidwa ku chipilala ngati mwana wolangidwa. Mphaka anasamukira kwa aneba.

Pakati pa sabata kunabwera achimwene awo a Telala, mmisiri uja. Anaima pakhomo, maso tong'o.

"Chemwali, mukusamuka osatiuza?"

"Mwafika bwino, alamu," anatero a Makutu, ali chogwada ndi waya kukamwa. "Bwerani mudzaone ntchito ya manja anu. Nyumbayi munkamanga mukuthawa njuchi?"

"Nyumbayi ndinamangira anthu, alamu, osati oimba osaoneka."

"Chipilala ichi munachiika pano kuti chizitani? Chizimvera nkhani zathu?"

"Chimagwira denga kuti lisagwere makutu anu otchukawo. Mukafuna ndibwera ndi nyundo tichigwetse, muzimvera nyimbo muli ndi ambulera."

Anaseka onse, koma alamu atapita a Makutu anakhala pa mpando uja nthawi yaitali, manja ali pa mawondo.

"Mayi, kusitolo kuja ndinamumva pakati. Pano akundithawa. Likafika Loweruka asanabwere pakati, masipikawa abwerera. Sindingasunge chinthu choti chizindiseka m'nyumba mwanga."

A Telala anayang'ana kukhonde, kumene mpando wakale unkadikira mwini wake. Anaona kale mmene zidzakhalire: makatoni atapita, amuna awo atabwerera pakhondepo kukalankhula ndi magalimoto. Kuwauza zoona kunali kuwalanda dzina. Kukhala chete kunali kuwalanda masipika. Anagwira njakata.

Mawa lake a Makutu atapita kukameta, a Telala anavala magalasi n'kuunguza pa ampulifaya. Anapeza kabatani kozungulira kogawa mawu kumanzere ndi kumanja. Anakapotoza chakumanja, pang'ono, kenaka kwambiri. Atakhala pampando, woimba uja anali atathawira pazenera. Anapukuta kabataniko ndi nsalu ngati wakuba wofufuta mapazi, n'kubwerera ku makina awo.

Amuna awo atabwera anayatsa nyimbo mwaulesi. Kenaka a Telala anamva mfuu.

"Mayi! Wabwera! Watuluka kukhitchini!"

"Zoona?"

"Ali pakati! Ndinanena ine, kuona maso a nkhono n'kudekha. Masipika atsopano ali ngati injini yatsopano, amafuna azolowere kaye. Itanani alamu adzamve, achite manyazi!"

Apa ndi pamene a Telala anaona kuti asoka chigamba pa nsalu yolakwika. Anayesa kunena kuti achimwene awo ndi otanganidwa, koma a Makutu anali ataimba kale foni.

Alamu anafika madzulo dzuwa likadalipo, simenti ili m'tsitsi. Anawakhazika pa mpando wa kamtanda ngati mkwati. Nyimbo inayamba. A Telala anaima kumbuyo kwa amuna awo, akuwatsinzinira achimwene awo diso, akugwedeza mutu, akuloza pakamwa. Alamu anawayang'ana modabwa.

"Chemwali, mwalowa kachitsotso m'diso?"

"Tamverani nyimbo, achimwene."

Alamu anamvera, anapendeketsa mutu.

"Alamu, anakuberani. Iyi yakumanzereyi yafa. Mayi wanuyo ali pazenera, akufuna kudumpha."

"Pazenera? Inu makutu anu anadzaza mchenga."

"Anga adzaza mchenga, koma awiri onse akugwira ntchito." Anadzuka n'kuwerama pa ampulifaya. "Ahaa! Ndani wapotoza ichi mpaka kumapeto? Onani!"

Anakabwezera pakati. A Telala anawaponda achimwene awo chala chaphazi mwamphamvu, koma madzi anali atatayika kale. A Makutu anayang'ana kabataniko. Anayang'ana akazi awo. Tiyi wa tsiku limenelo anamwedwa mwakachetechete, alamu okha akudandaula za chala chawo.

Loweruka m'mawa a Telala anapeza makatoni ali pabalaza, otsegula. Amuna awo anali atavala ovolosi yakale ya ku galaja, imene sanaivale chipumireni pa ntchito.

"Ndisanabweze, ndiyeze kaye mwa ntchito," anatero, osawayang'ana. "Ku galaja galimoto ikamadumphadumpha sitinkaloza chala mwachisawawa. Umasinthanitsa mapulagi. Vuto likasamuka ndi pulagi, wolakwa ndi pulagiyo. Likakhala pomwepo, ufune kwina."

Ananyamula sipika yakumanja n'kuiika kumanzere, yakumanzere kumanja. Anakhala, anamvera.

"Ali kukhitchini. Si masipika."

Anasinthanitsa mawaya. Anakhala, anamvera.

"Ali kukhitchini. Si mawaya."

A Telala anaima pafupi ndi chipilala, akupinda ndi kupindula tepi yawo. Ankafuna kunena kuti madzi osamba akuzizira, kapena kuti kunja kwabwera munthu, chilichonse.

"Chatsala chinthu chimodzi chimene sindinasinthanitse," anatero a Makutu.

Anadzuka, anatembenuza mpando, n'kukhala chofulatira masipika ngati mwana wonyanyala. Khutu lakumanzere tsopano linaloza kuzenera, lakumanja kukhitchini. Nyimbo inapitirira. A Telala anaona msana wa amuna awo ukuwongoka pang'onopang'ono, kenaka mapewa akugwa.

"Wasamuka," anatero motsitsa. "Wapita pazenera. Vuto lasamuka ndi pulagi."

M'nyumba munali gitala yokha.

"Mayi, mwakhala mukudziwa?"

A Telala anazungulira n'kukaima kumanzere kwawo, monga mwa masiku onse.

"Mumayesa ndimayenda mbali ino chifukwa choopa magalimoto?"

"Ine ndimati mumakonda mbali ya mtima."

"Nazonso zilipo."

A Makutu anaseka pang'ono, kuseka kotulukira m'mphuno. Anagwira khutu lakumanja n'kulikoka ngati akulidzudzula.

"Ndiye msewu wonse ukunditchula Makutu, chikhalirecho ndine Khutu. Basi. Masipika awiri ndi a anthu a makutu awiri. Ine kawailesi ka udzudzu kandikwana. Ndipatseni katoniyo."

A Telala sanapereke katoni. Anatembenuza mpando uja, anauika bwinobwino pa kamtanda ka choko, n'kukhalapo okha, manja atapinda.

"Ine anga awiri alipo. Sabata yonse ndasokera pafupi ndi bafa, mphaka wandithawa, kasitomala wandinyoza, koma nyimboyi sindinaimvepo mpaka kumapeto. Ithe kaye, kenaka mumange."

"Sitolo itsekedwa masana."

"Itsekedwe. Khalani pansi, mukunditchinga."

Panalibe mpando wina pafupi. A Makutu anang'ung'udza, anakoka kasitulu kamene ankakwerapo popachika bulangete, n'kukhala kumanja kwa akazi awo, chakutsogolo pang'ono, msana utatsamira chipilala. Sipika yakumanja inali pafupi nawo kwambiri, moti anatambasula dzanja kuti nyimbo ikangotha azule waya.

Dzanjalo linaima m'malere.

A Telala anaona ndi kona ya diso. Sanatembenuke, anaopa kuthamangitsa chinthucho ngati mbalame. Amuna awo anatsinzina. Anasendeza kasitulu pang'ono, anasendezanso, anabwerera kachidutswa. Kenaka chala chija chinakwera pang'onopang'ono n'kuloza msomali wa kalendala.

"Mayi. Inu mukumumva ali pati?"

"Pa msomali."

"Musandinamize ngati zija za kabatani."

"Kayang'aneni, kali pakati. Ali pa msomali, bambo."

"Inenso ali pa msomali."

Anamvera onse awiri mpaka gitala inamaliza. Ndipo a Makutu anamenya ntchafu.

"N'chifukwa chake kusitolo! Mpando uja unali chakumanja! Khutu lofooka lisendere pafupi ndi sipika yake, basi. Ngati kukweza mafuta pa silinda yotopa!" Anatembenuka n'kusisita chipilala ngati ng'ombe yawo. "Ndipo iwe, sabata yonse ndakutukwana, chikhalirecho umandisungira malo."

"Mukawapepese achimwene."

"Zimenezo ayi. Atupa mutu, amanga zipilala m'nyumba za anthu onse."

Masana a tsikulo makatoni anakwera pamwamba pa wadiropu, osang'ambika. Bulangete linatsika pazenera, makina osokera anabwerera pamalo pake, matambula anawayalira kansalu pansi kuti asiye kwaya. A Telala analemba kamtanda kachiwiri ka choko patsinde pa chipilala, ndipo mpando wa pakhonde uja unalowa m'nyumba n'kukhala pamenepo. Mphaka anabwera yekha madzulo, ananunkhiza sipika, n'kugona pansi pake.

Alamu anatulukira dzuwa likupendeka, akutsimphina mwadala.

"Ndabwera ndi nyundo, ili panja. Tigwetse?"

"Chisiyeni, chazolowera," anatero a Makutu. Anali pampando wawo, akazi awo kumanzere, nyimbo ikuimba chapansipansi. "Lowani, alamu, mukhale."

Alamu anayang'ana uku ndi uku. "Ndikhale pati?"

A Telala anayamba kudzuka kuti awapatse mpando, koma amuna awo anawagwira dzanja. Anakoka kasitulu kaja n'kukaika kumanja kwawo, mbali ya zenera, n'kukapukuta fumbi mwaulemu.

"Malo anu ndi ano, alamu, kuyambira lero. Mulankhule zonse zimene muli nazo, musasiye kanthu."

Alamu anakhala mokondwa n'kuyamba nkhani yaitali ya mitengo ya denga ndi mmene anyamata a masiku ano sadziwira kusakaniza simenti. A Makutu ankagwedeza mutu, nkhope ili mwee, maso ali pa msomali wa kalendala. A Telala analuma mlomo kuti asaseke, n'kuweramira ku khutu lakumanzere.

"Ndinu oipa, bambo," ananong'ona.

"Zimenezo ndamva," anayankha a Makutu.